Chaka Chomwe Ndinkaphikira Abambo

Ndikukumbukira bwino chaka chomwe anandipatsa mthiko ndisanafike msinkhu wake. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kamtsikana kowonda, kodziwa kuphika za masanje basi. Tinkakhala kumudzi kwa amayi, m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbali yathu ino ya Phalombe. Abambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Chiwalo, ndipo anachita kubwera kudzamanga nyumba kwa amayi monga momwe timachitira kwathu.

Ntchito yawo inali yocheka matabwa kuphiri. Ankanyamuka m'mamawa kumimba kulibe kanthu, n'kubwerako dzuwa litapendeka, thupi lonse likununkha utuchi. Sanali munthu wolongolola. Akafika ankakhala pakhonde n'kutambasula manja kuti ine ndi mlongo wanga Yohane tiwazule timinga ta matabwa, ndipo yemwe wazula kochuluka ankamupatsa kachidutswa ka nzimbe.

Matenda awo anayamba ngati chilungulira wamba. Ankati m'mimba mukuotcha, chapamwamba pa mchombo apa, makamaka akakhala ndi njala. Amayi ankawasungunulira soda wa therere m'kapu ya madzi, iwo n'kumwa, n'kugeya, n'kunena kuti zapita. Koma sizinkapita. Anayamba kukana tsabola, kenako anakana kalongonda, nyemba zomwe kale ankazikonda kuposa nyama. Lamba wa buluku ankangomuboola mabowo atsopano ndi msomali.

Kunena zoona, poyamba palibe anadabwa. Kwathu m'mimba mootcha sinali nkhani yoimitsira munthu khasu. Pafupifupi khomo lililonse linali ndi munthu wake womwa soda. Ena ankati ndi maganizo, ena ankati ndi njala ya kuphiri, ena ankati ndi mandimu. Kuchipatala chaching'ono chapafupi abambo anapitako, anawapatsa mapilisi otafuna, anapezako bwino, mapilisi atatha ululu unabwereranso. Tinkangoti ndi momwe moyo ulili.

Zinthu zinatembenuka tsiku lomwe kunabwera azakhali a Dorofi, mlongo wawo wamkulu wa abambo. Ndiwo anawalera abambo makolo awo atamwalira, ndipo ankawaona ngati mwana wawo woyamba. Anawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mawondo atawapindira pachifuwa. Azakhali anagwetsa kathumba kawo, anagwada, analira mokweza mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba. Atapukuta misozi anatembenukira kwa amayi.

"Alamu, mlongo wangayu mwamudyetsa chiyani?"

Amayi, osadziwa komwe funso likulowera, anayankha mwaulemu. "Zomwe tikudya tonsefe, alamu. Dzulo tinadya chinangwa ndi nandolo."

"Sindikufunsa za chinangwa ine."

Pamenepo ngakhale ine mwana ndinamva. Kwathu akati mkazi wadyetsa mwamuna, amatanthauza kuti wamuthirira mankhwala m'chakudya kuti apuse, asayang'ane kwina, aiwale abale ake. Amati akachulutsa, mankhwalawo amakhazikika m'mimba n'kumamudya munthuyo pang'onopang'ono. Azakhali anali ndi umboni wawo. Abambo anali atasiya kupitapita ku Chiwalo, ankatungira amayi madzi amayiwo akadwala, ndipo nthawi ina anaonedwa akusinja. Kwa azakhali, mwamuna wogwira munsi sakanakhala kuti ali bwinobwino.

Ankhoswe a mbali zonse anakumana pakhomo pathu. Anakambirana tsiku lonse, ndipo chomwe anagwirizana chinali chakuti amayi asakhudzenso chakudya cha abambo, ngakhale madzi awo akumwa. Azakhali sakanatha kukhala nafe chifukwa anali ndi munda wawo. Ndiye maso onse anagwera pa ine.

"Feliya ndi magazi ake," anatero azakhali. "Mwana sangadyetse bambo wake. Aziphika iyeyu, tione ngati munthuyu sachira."

Ndinayang'ana abambo, ndikuyembekeza kuti akalipa. Anangoti ndi mawu otsika, "Achemwali, amake Feliya sangachite zimenezo." Azakhali anati umenewo ndiye umboni wakuti mankhwala agwira, ndipo abambo anakhala chete. Chete ameneyo anandipweteka zaka zambiri. Lero ndikudziwa kuti anali munthu wodwala, wokhala pamudzi wa eni, wotsutsana ndi mayi amene anamulera. Koma tsiku limenelo ndinkangofuna kuti aimirire, ndipo sanaimirire.

Anandiikira mafuwa anga kuseri kwa nyumba. Azakhali anagula kapoto katsopano, mbale imodzi, kapu ndi sipuni, n'kundilangiza kuti ndikamaliza ndizitsuka ndekha n'kubisa pamwamba pa denga la khola. Ufa wa abambo unali m'kathumba kake. Madzi ndinkakatunga ndekha pachitsime cha kudambo, chomwe mudzi wonse unkamwa, chomwe mvula ikagwa madzi ake ankasanduka ngati tiyi wamkaka.

Phala langa loyamba linali lamibulu, lonunkha utsi, losadyeka. Amayi anaima chapatali, pafupi ndi nkhokwe, manja atawabisa kumbuyo ngati munthu wogwidwa akuba. Anandiphunzitsa kuphika ali pomwepo.

"Chepetsa moto. Thira ufa pang'onopang'ono. Vundula, mwanawe, usaleke."

Tsiku lina ndinaiwala mchere ndipo unali pafupi ndi mapazi awo. Ndinati andipatsire. Anayamba kuwerama, kenako anadzigwira, anaweramuka.

"Bwera udzatenge wekha," anatero.

Ndinalira uku ndikuvundula. Amayi anga anali katswiri pamoto. Pamaukwati ndi pamaliro ndiwo ankaitanidwa kukaima pa mphika waukulu wa ndiwo. Tsopano ankaopa kukhudza mchere pakhomo pawo pomwe.

Koma chomwe chinkandidya kwambiri chinali china, ndipo sindinkatha kuuza munthu. Ndinazindikira msanga kuti abambo akachira ndi phala langa, anthu adzati ndi zoona, amayi ndiwo ankawadwalitsa. Akapanda kuchira, amayi adzayera, koma abambo adzafa. Mbale iliyonse yomwe ndinkanyamula kupita nayo pamphasa paja inali yoti ipweteke mmodzi wa makolo anga. Kutchalitchi anzanga akatsinzina kupemphera, ine ndinkangoyang'ana pansi, chifukwa sindinkadziwa choti ndipemphe. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi sayenera kusenzetsedwa katundu wotere, ndipo mpaka lero ndikaganiza za akuluakulu omwe anagwirizana zimenezi, mtima umandiwawa.

Abambo anachira. Kuphiri anali atasiya kupita, soda anali atachepetsa, ndipo ankadya phala lofewa pafupipafupi chifukwa china chilichonse chinkandikanika kuphika. Patapita masabata angapo anayamba kuyenda mowongoka. Masaya anabwerera. Tsiku lina anaseka Yohane atagwa m'khola la mbuzi, ndipo tonse tinadzidzimuka chifukwa tinali titaiwala kuseka kwawo.

Azakhali atabwera n'kuwaona, anaimba nthungululu pabwalo.

"Mwaona? Ndinanena ine! Mwaona nonse?"

Mudzi unaona. Amayi akafika pachitsime nkhani zinkaduka. Mayi wina yemwe ankakonda kudzapempha ndiwo kwathu anasiya. Komabe amayi ankasangalala kuti amuna awo akudya. Ndinkawaona akusuzumira pakona ya nyumba, akuwerenga ndi maso momwe sipuni ikupitira kukamwa, nkhope yawo ili mwee, ngakhale kuti kuchira komweko ndi komwe kunkawapachika.

Mvula yoyamba itagwa, abambo anabwerera kuphiri chifukwa pakhomo panalibe feteleza. Sipanapite nthawi, ululu unabweranso, ndipo ulendo uno unabwera ndi ukali. Ankatuluka thukuta ali chikhalire. M'maso munayera. Ndinamva akuuza amayi motsitsa mawu kuti chimbudzi chawo chikutuluka chakuda bii ngati phula.

Ndinachita mantha, koma mkati mwa manthawo munali kachiyembekezo. Ndinati tsopano aliyense aona kuti si amayi. Azakhali atafika ndinalimba mtima, ndinagwada patsogolo pawo.

"Azakhali, nthawi yonseyi ndaphika ndine. Amayi sanakhudze kanthu. Koma adwalanso. Ndiye kuti si amayi."

Anandisisita kumutu, mwachifundo ndithu.

"Ndiwe mwana, sungadziwe. Chinthucho chinalowa kale. Chinangogona, pano chadzuka. Chofunika n'kuchisanzitsa."

Ndinakhala pansi pomwepo. Abambo atachira, wolakwa anali amayi. Atadwalanso, wolakwa anali amayi omwewo. Panalibe chomwe phala langa likanatha kutsimikiza, ndipo miyezi yonse ija ndinkangodzizunza chabe.

Amayi anagwada pamaso pa amalume, mwinimbumba wathu, kupempha kuti abambo apite kuchipatala chachikulu. Amalume anapukusa mutu.

"Munthuyu ali ndi abale ake. Tikakaniza, adzati pali chomwe tikubisa. Asiyeni amutenge."

Abambo anawakweza panjinga, munthu wina akukankha, wina atawagwirira kumbuyo. Ine ndinatsatira nditasenza kapoto kanga ndi kathumba ka ufa, chifukwa wophika ndinali ine. Amayi anatiperekeza mpaka pamsewu. Sanaloledwe kupitirira pamenepo.

Ku Chiwalo anatitengera kwa sing'anga wina wodziwika ndi kusanzitsa anthu odyetsedwa. Unali m'mawa, dzuwa likuwala bwino, nkhuku zikutolatola pabwalo. Anawakhazika abambo pampando wamfupi, anaika beseni patsogolo pawo, n'kuwapatsa chikho cha madzi obiriwira onunkha ngati makungwa owola. Abambo anamwa atatsinzina. Anawapatsanso china.

Atayamba kusanza, zomwe zinatuluka zinali zakuda, zambulumbulu ngati masamba a tiyi otsalira m'ketulo. Sing'anga anatakasa ndi kamtengo n'kuitana anthu kuti adzaone.

"Ndi izi. Zakhalitsa m'mimbamu izi."

Azakhali anaomba m'manja, misozi yachimwemwe ikutsika. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti apulumutsa mwana wawo. Palibe mmodzi wa ife ankadziwa kuti zakudazo anali magazi. Tinadziwa abambo atasanza kachiwiri, chifukwa ulendo umenewo anatuluka ofiira, ambiri, mpaka anasefukira pansi. Kuomba m'manja kunatha. Sing'anga anayamba kunena kuti chinthucho chinali ndi mizu.

Anawagoneka pamphasa anthu akuthamangira kukafuna ngolo. Ndinakhala pambali pawo nditawagwira dzanja. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndinawafunsa ngati ndiwaphikire phala, poti ndi chokhacho chomwe ndinkadziwa kuchita.

"Lako ndi labwino, Feliya," anatero movutikira. "Koma ndikufuna la amako."

Anamwalira ali pangolo, tisanafike pamsewu waukulu.

Maliro anachitikira ku Chiwalo komweko. Amayi anabwera, koma m'nyumba ya siwa sanawalole kulowa. Anakhala panja pansi pa mtengo ndi azimayi awiri a kwathu, akulira motsitsa ngati alibe ufulu wolira. Titabwerera kumudzi, palibe anawathamangitsa, pajatu mudzi unali wawo. Anangowachotsa pamoto. Pamaliro ndi pamaukwati ankawatuma nkhuni ndi madzi, koma akayandikira mphika, wina ankafulumira kunena kuti, "Pumulani, mayi, tilipo ambiri." Sanakwatiwenso. Sanadandaulepo pamaso pathu, ndipo nkhani ya abambo sitinkaikamba.

Ine ndinakula, ndinaphunzira kusoka, ndinakwatiwa ku Zomba. Ndikapita kumudzi ndi ana anga, amayi ankawalandira ndi manja awiri, kuwathyolera mango, kuwakumbira chinangwa. Koma ikafika nthawi yophika ankati maso awo sakugwirizananso ndi utsi, n'kundisiyira khitchini ine kapena mkazi wa Yohane. Ndinkangoti ndi ukalamba.

Ndili mayi wa ana atatu, nanenso m'mimba munayamba kuotcha, malo omwe aja, pamwamba pa mchombo. Ndinadzipeza ndikusungunula soda m'kapu. M'mawa mwake ndinapita kuchipatala. Atandiyeza, dokotala, mtsikana wamng'ono kwa ine, anandiuza kuti m'mimba mwanga muli kachilombo ka bakiteriya kotchedwa Helicobacter pylori, dzina lomwe lilime langa limalikana mpaka lero. Anati kamakhala m'chifu n'kumanyula khungu lake lamkati, ndipo mwa anthu ena kamayambitsa zilonda.

Ndinafunsa kuti ndakatenga kuti, poti ine ndine munthu waukhondo. Anaseka pang'ono. Anati m'maiko osauka ngati lathu lino kachilomboka n'kofala kwambiri, moti anthu ochuluka amayenda nako osadziwa. Ambiri amakatenga ali ana, kudzera m'madzi osatetezeka, m'manja osasamba bwino, m'kukhala mothithikana ndi kudyera pamodzi. Ambiri sikawadwalitsa, ena kamawavutitsa moyo wonse. Ndinakumbukira chitsime cha kudambo, ndi beseni limodzi lomwe tonse tinkasambamo m'manja tisanadye, akuluakulu poyamba, ife ana pomalizira madzi atada kale.

"Kodi munthu angasanze nako magazi?" ndinafunsa.

"Chilonda chikafika pamtsempha, inde. Ndipo zikatero ndi zothamangira nazo kuchipatala. Koma inu musaope, mayi. Mumwa mapilisi masabata awiri, kenako tidzakuyezaninso."

Ndinalira m'minibasi ulendo wonse wobwerera kunyumba, mpaka kondakitala anaiwala kundiitanitsa ndalama. Sindinganene motsimikiza kuti abambo anali ndi kachilombo komweko, chifukwa palibe anawayeza. Koma zonse zomwe ananena dokotala uja, kuotcha kwa pa njala, kuchira n'kudwalanso, chimbudzi chakuda, ndinali nditazionapo kale ndili mwana pakhomo pathu.

Nditamaliza mankhwala ndinatenga ana n'kupita ku Phalombe. Ndinawapeza amayi akusola nandolo pakhonde. Ndinakhala nawo pansi n'kuwafotokozera zonse, pang'onopang'ono. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito.

"Kachilombo kameneko kamachokera kwa mkazi?" anafunsa.

"Ayi, amayi. Kali paliponse. Mwina abambo anali nako kuyambira ali mwana ku Chiwalo, asanakuoneni n'komwe."

Manja anaima. Anawatembenuza n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti si manja angawa?"

Ndinawafunsa kuti, "Amayi, inunso munkakhulupirira zimene zija?"

"Mankhwala sindinathiremo, Mulungu akudziwa. Koma munthu anachira nditasiya kumuphikira. Ndinaona ndi maso angawa. Ndiye ndinati mwina m'manja mwangamu muli chinthu choipa chomwe ine mwini sindikuchidziwa." Anayang'ana pabwalo pomwe ana anga ankathamangitsana. "Ndiye anawa ndikhoza kuwaphikira?"

Sunali utsi. Zaka zonsezo ankaopa kupha zidzukulu zawo.

Kale ndinkaganiza kuti chomwe chinaononga banja lathu chinali nkhanza za azakhali. Pano ndikuona kuti azakhali ankakonda mlongo wawo, ndipo anamwalira akumwa soda nawonso, atagwira pamimba. Matendawo anali pakhomo lililonse, m'madzi omwe tonse tinkamwa, koma chifukwa sitinkawaona, tinafunafuna nkhope yoti tiwapatse, ndipo nkhope yapafupi inali ya mkazi wophika. Ndinaphunziranso kuti munthu mukamuneneza nthawi yaitali, safunikanso womulondera. Amayamba kudzilondera yekha, ndipo amachita mwankhanza kuposa momwe inu mukanachitira. Lero mnzanga akandiuza kuti m'mimba mukuotcha, sindimufunsa kuti wadya kwa ndani. Ndimamuperekeza kukayezetsa.

Madzulo a tsiku limenelo amayi anaphika mpunga ndi nandolo wamuwisi. Mwana wanga wamkulu anali ali kale ku sekondale, ndipo aka kanali koyamba kulawa chakudya cha agogo ake. Ana anadya mpaka kupala m'poto. Amayi sanadye. M'mawa kutacha ndinawapeza ataima pakhomo pa chipinda chomwe anagona anawo, akudikira kuti adzuke, ndipo aliyense akatuluka ankamugwira paphewa n'kumufunsa motsitsa mawu kuti, "M'mimba mwagona bwanji?"